Chitoliro cha kaunjika chandikumbutsa za phingo lathu

Akonzi, ife Amalawi kaunjika timamudziwa bwino. Tikafika pamulu wa malaya timadziwa poyang'ana: kolala, m'khwapa ndi mabatani. Ine ndinagula chinthu chomwe simungachipeze pamulu uliwonse kumsika, chitoliro cha mtengo choimbira nyimbo zachikhalidwe za ku Ireland. Ndiloleni ndiuzeko owerenga anzanga zomwe ndaphunzirapo.

Ndimaphunzitsa sayansi pasekondale ina yoyendera kumudzi kuno, ndipo ndimathandizanso kwaya ya kutchalitchi. Ndili mwana ndinkaboola bango n'kumaliza kuubusa, choncho mawu a chitoliro sandidutsa. Pachipatala cha mishoni cha kwathu kuno panali bambo wina wa ku Ireland yemwe madzulo ankakhala pakhonde n'kumaliza chitoliro chakuda bii. Ndinkapita kukamvera mpaka anayamba kundiphunzitsa kaikidwe ka zala. Nthawi yawo yobwerera kwawo itakwana anagulitsa katundu, ndipo mwa zitoliro ziwiri zomwe anali nazo anati chimodzi ndikhoza kugula. Mtengo wake unkayandikira malipiro anga a mwezi wathunthu.

Mayi a kunyumba atamva anandifunsa kuti, "Bambo a ana, mvula ili pafupi, ndiye ndalama ya feteleza mukagulire bango?" Funsoli linali lomveka. Tinagwirizana kuti ya feteleza isakhudzidwe, ndipo ndilipire katatu kuchokera pa soya yemwe tinagulitsa.

Chomwe chinandilimbitsa mtima ndi mbiri ya chida chimenechi. Kale ku Ulaya zitoliro zambiri zinali za mtengo. M'chaka cha 1847, Theobald Boehm wa ku Munich anapanga chitoliro cha siliva chokhala ndi makiyi ambiri, chomwe timachiona m'mabandi a polisi ndi asilikali lero. Pang'onopang'ono akatswiri a m'mizinda anasiya zitoliro zamtengo, kuphatikizapo zapamwamba zopangidwa ndi Rudall & Rose ku London, ndipo zinayamba kugulitsidwa motchipa. Alimi ndi anthu wamba a ku Ireland, makamaka m'madera a Sligo, Roscommon ndi Leitrim, ndiwo anazitola n'kumaimbira magule awo. Lero woimba ngati Matt Molloy, yemwe anatchuka ndi gulu la The Chieftains, amadziwika dziko lonse ndi chitoliro cha mtundu womwewo. Mwambo wonsewu unakulira pa kaunjika, ndiye ine ndikanachita manyazi ndi chiyani?

Komabe chitoliro chakale chimafuna maso. Mwini wake anandiyalira zidutswa zake patebulo nati, "Aphunzitsi, musandikhulupirire ine, yang'anani nokha." Choyamba ndi ming'alu. Zitoliro zambiri zili ndi kapaipi kachitsulo mkati mwa chigawo cha kumutu, kothandiza kukweza kapena kutsitsa mawu. Kukauma mtengo umafota koma chitsulo sichifota nawo, ndiye mtengowo umang'ambika. Phunziro lomweli ndimaphunzitsa a Fomu 2. Ndinaunika ndi tochi mkati ndi kunja. Kenako ndinatseka mabowo onse ndi kumapeto kwake, n'kuyamwa mpweya kuti ndione ngati ukuthawa penapake. Ndinayang'ananso bowo lopemererapo, chifukwa ngati wina analikuza ndi mpeni mawu ake sabwereranso, komanso ulusi wa polumikizira ndi chotsekera cha kumutu.

China chofunsa ndi mtundu wa chitolirocho. Chilipo cha nthawi ya Bach ndi Telemann, chomwe amachitcha baroque, chokhala ndi kiyi imodzi ndi mawu ofewa. Zambiri za mtundu umenewu zimachunidwa pa 415, pomwe kiyibodi ya kwaya ili pa 440, kotero zimamveka zotsika ndi theka la toni. Cha ku Ireland chili ndi mabowo asanu ndi limodzi otsekedwa ndi zala, chili mu D, ndipo mawu ake ndi amphamvu. Changa ndi chotere, n'chifukwa chake chimagwirizana ndi kwaya yathu.

Tili mkati mokambirana ndinafunsa dzina la mtengo wake. Anati pachingerezi ndi African blackwood, ndipo Aswahili amati mpingo. Ndinaseka, pakuti limeneli ndi phingo, lomwe amisiri a ku Liwonde amasemera ziboliboli. Akatswiri a zomera amalitcha Dalbergia melanoxylon. Zitoliro zakale za ku London zinkapangidwa kwambiri ndi mtengo wa cocus wochokera ku Jamaica, koma utasowa opanga zida anatembenukira ku phingo. Lero makilaneti, ma oboe ndi zitoliro zambiri zapamwamba ndi za phingo, lochokera makamaka ku Tanzania ndi Mozambique. Amalikonda chifukwa ndi lolimba, lili ndi mafuta achilengedwe, ndipo silifufuma msanga ndi chinyezi cha mpweya wa m'kamwa.

Apa ndiye pamene mtima wanga sukhazikika. Phingo limakula mochedwa zedi, moti amati limatenga zaka 70 kapena kuposerapo kuti lifike podulidwa matabwa. Kusowa kwa mitengo ya banja limeneli kunachititsa kuti msonkhano wa CITES wa ku Johannesburg mu 2016 uike malamulo pa malonda ake, ngakhale mu 2019 anafewetsa pa zida zoimbira zomalizidwa kale. Kathabwa kosafika mita imodzi kakadutsa m'manja mwa mmisiri ku Ulaya kamagulidwa ma euro mazanamazana. Kuno mtengo womwewo umatha kuthera m'thumba la makala, n'kuphikira nyemba tsiku limodzi. Sindikunyoza wootcha makala, pakuti njala ya ana ake ndikuidziwa, ena mwa iwo ndi ophunzira anga. Koma ambiri sitinauzidwepo kuti tili ndi chuma chotere m'thengo.

Kugula chakale kwandipatsa mtendere pa mfundo imeneyi, popeza palibe mtengo wina unagwa chifukwa cha ine. Udindo wanga tsopano ndi kuchisamala kuti chidzafike kwa wina. Ndikamaliza kuimba ndimachipukuta mkati, nthawi ndi nthawi ndimachidzoza mafuta a almond omwe mwini wake anandisiyira, ndipo m'mwezi wa Okutobala, malata akamatentha, ndimaika kansalu konyowa pang'ono m'bokosi mwake. Padzuwa sindichisiya.

Ophunzira a kalabu ya zachilengedwe atachigwira sanakhulupirire kuti ndi phingo. Chaka chino tatolera njere zake ndipo tafesa m'machubu kuseri kwa labu. Ine sindidzaona mitengoyi itakhwima, mwinanso iwowo adzakhala agogo. Ndikupempha aphunzitsi anzanga, mafumu ndi alangizi a zankhalango m'madera momwe phingo lidakalipo kuti tiwauze ana dzina lake ndi ntchito yake asanalione komaliza pa mbaula. Ndipo kwa amisiri athu osema, amene luso lawo alendo amaligomera, ndili ndi funso: kodi mmodzi wa inu atapeza makina ozungulitsira mtengo ndi miyeso yoyenera, sangatipangire chitoliro cha phingo konkuno?