Galasi loonera nyenyezi silikondana ndi chinyezi

Pachilangizo cha ukwati, ankhoswe ndi anamkungwi amanena zambiri: kulemekeza apongozi, kusunga chinsinsi cha kuchipinda, kugwira bwino ndalama. Koma sindidamvepo wina akulangiza za kasamalidwe ka katundu nthawi ya dzinja. Chonsecho, inu amene mwangolowa kumene m'banja, mikangano yambiri imayambira pomwepo. Wailesi yagona panja, foni yagwera m'ndowa, basi funso n'kukhala limodzi: "Wasiya panja ndani?"

Lero ticheze za katundu amene ambiri samuwerengera, zipangizo zoonera kumwamba. Musadabwe. Masiku ano m'makomo ena muli binoculars imene alamu adabwera nayo kuchokera ku Joni, kapena katelesikopu kogula kwa ogulitsa zinthu zakale. Kwathu kuno ku Nkhunga, kufupi ndi Dwangwa, ine ndili nazo zonse ziwiri, ndipo kukacha bwino ana a m'makomo oyandikana amandandalika pabwalo kudikira nthawi yawo. Mwana akaona maenje a pamwezi koyamba, mafunso sathanso. Ndi binoculars wamba yolembedwa 10x50, mukaitsamiritsa pampando kuti isagwedezeke, mutha kuona timiyezi tikuluti ta Jupiter, tomwe Galileo adationa koyamba m'chaka cha 1610.

Vuto ndi lakuti nyenyezi zimene makolo athu adazitcha maina, Nsangwe ndi Akamwiniatsatana, zimaoneka bwino madzulo kuyambira December mpaka February, mvula ili pakati. Ndiye kuti chipangizo chimatuluka panja nthawi yomwe mpweya wa kunyanja kuno wadzaza chinyezi. Paja walira mvula walira matope. Adani ake alipo atatu: mame, mvula ndi chuku.

Mame ndiye mdani wa tsiku ndi tsiku, ngakhale m'nyengo ya mwera pamene Mlalang'amba umaoneka bwino. Galasi likayang'ana kumwamba usiku limazizira msanga kuposa mpweya, ndiye chinyezi chimasanduka timadontho pagalasipo monga zimachitikira pabotolo la chakumwa chozizira. Mukaona nyenyezi zayamba kuoneka mwachimbuuzi, musathamangire kupukuta ndi malaya. Pindani katoni ngati paipi, muiveke kutsogolo kwa telesikopu kuti galasi likhale m'kati ndithu, ndipo mame adzachedwa kufika. Mukalowa m'nyumba musatseke zivindikiro. Igonekeni patebulo, mufunditse chitenje chopepuka, iume yokha mpaka m'mawa. Amene amatsekera galasi lonyowa m'chikwama amakhala akusunga madzi, osati chipangizo.

Nanga mvula ikakudzidzimutsani, kapena mwapeza denga ladonthera pakatundu wanu? Choyamba, ngati chipangizocho chili ndi mabatire, achotseni nthawi yomweyo ndipo musayese kuyatsa kuti muone ngati chikugwirabe ntchito. Magetsi akakumana ndi madzi ndi amene amapsereza timawaya ta m'kati. Lamulo limeneli ndi limodzimodzi pa wailesi, tochi ndi foni. Chachiwiri, pukutani kunja kokha ndi nsalu youma, muzolikitse chipangizocho kuti madzi atsike, ndipo muchisiye pamthunzi popita mphepo kwa masiku awiri kapena atatu.

Osachiyandikiza pambaula. Kutentha kumasungunula guluu womata magalasi ndi mafuta a m'zopotokola. Osachiyanikanso padzuwa ngati usipa pathandala. Galasi la telesikopu limasonkhanitsa kuwala kwa dzuwa pamalo amodzi, moti litha kuyatsa nsalu kapena udzu wapafupi. Ndipo apa makolo mumvetsetse: mwana asayerekeze kuyang'ana dzuwa kudzera m'galasi limeneli, ngakhale kamphindi. Diso limapsa osamva kuwawa, ndipo silibwereranso. Amene mudalipo pa kadamsana wa pa 21 June 2001, yemwe adadetsa kotheratu ku Lusaka ndipo kuno kwathu adaphimba gawo lalikulu la dzuwa, mukukumbukira mmene chenjezo limeneli lidanenedwera mobwerezabwereza.

Ndikudziwa, kuno kwa alimi a mpunga mankhwala a chilichonse chonyowa ndi kuchikwirira m'thumba la mpunga. Mpunga umayamwa chinyezi pang'ono chabe, ndipo fumbi lake limalowa m'timipata n'kukamata pagalasi. Chothandiza ndi timapaketi tija timapezeka m'makatoni a nsapato zatsopano ndi m'mabotolo ena a mankhwala, tolembedwa silica gel. Ambiri timangotaya. Tisonkhanitseni. Ngati binoculars yachita nthunzi m'kati, iikeni m'chitini kapena m'ndowa ya pulasitiki yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi tambiri, muisiye sabata yathunthu. Timapaketito tikakhuta chinyezi, tiyanikeni padzuwa lamphamvu tsiku lonse tisadabwerere m'ndowa. Koma tisungeni patali ndi ana aang'ono, angatiyese shuga.

Madzi a matope ndi nkhani ina. Tonse tikukumbukira kumapeto kwa February 2024 pamene mtsinje wa Dwangwa udasefukira, anthu zikwizikwi n'kusowa pokhala, msewu wa M5 n'kuduka. Katundu amene adapulumuka adatuluka ali matope okhaokha. Galasi lotere likafika m'manja mwanu, dziwani kuti m'matopemo muli mchenga, ndipo kupukuta kuli ngati kukwecha mphika. Magalasi a binoculars amakutidwa ndi kautoto kopyapyala kwambiri, kamene kamaoneka kobiriwira kapena kabuluu mukapendeketsa. Kalilole wa m'telesikopu ndiye wosakhwima koposa. Kalilole wa kuchipinda chitsulo chake chonyezimira chimabisala kuseri kwa galasi, pamene wa m'telesikopu aluminiyamu wake ali pamwamba penipeni, moti ngakhale chala chimasiyapo chipsera.

Ndiye tsukuluzani kaye pothira madzi oyera pang'onopang'ono, osakhudza, mpaka mchenga wonse utsike. Malizani ndi madzi osungunula aja amagulitsa m'mabotolo othira m'batire ya galimoto. Onetsetsani kuti ndi madzi, osati asidi. Madzi a pamjigo akauma amasiya timaanga toyera. Ngati patsala litsiro, tengani thonje la kufamase, mulinyowetse, mulikoke kamodzi mopepuka n'kutaya, kenaka mutenge lina. Sipiriti wofiirira uja amasiya utoto, ndipo sopo wochapira zovala ndi pepala lakuchimbudzi zimakanda. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali malire a zimene mungakonze nokha. Timasikuluu tochita dzimbiri tidonthezereni mafuta a makina osokera, koma asafike pagalasi. Zoyerayera zomwe mabatire wamba amasiya akaphulika zimachoka ndi kathonje koviika m'madzi a mandimu kapena viniga, kenaka n'kuumitsa bwino. Miyendo ya matabwa ikatupa, iume pamthunzi musadaipake vanishi. Koma binoculars musaimasule. M'kati mwake muli timagalasi tamakona tomwe adatikhazika molingana kufakitale. Kamodzi kakasuntha pang'ono, nyenyezi iliyonse idzaoneka pawiri ndipo mutu udzakuwawani. Zikafika pamenepo ipititseni kwa mmisiri wokonza makamera, osati kwa aliyense amene ali ndi sikuludiraiva.

Mdani wachitatu ndi wachete. Chuku chomwe chimagwira chimanga m'nkhokwe ndi nsapato kunsi kwa bedi chili ndi abale ake amene amamera pagalasi. Chimayamba ngati kaukonde ka kangaude m'mphepete, ndipo chikakhalitsa chimadya kautoto kaja mpaka kusiya zipsera zosachoka. Chimakonda mdima, chinyezi ndi mpweya wosayenda. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Bambo amati chinthu chodula chitsekeredwe m'sutikesi, m'chikwama chake chachikopa, ana asachikhudze. Chikopa chimasunga chinyezi, ndipo sutikesi ya pansi pa bedi ndiye munda weniweni wa chuku. Akadzatsegula m'mwezi wa May amapeza galasi lachita ng'ala. Chipangizo chimene chimatuluka kawirikawiri n'kupitidwa mphepo chimakhalitsa kuposa chobisidwa.

Choncho malangizo anga kwa inu makolo ndi akuti musamane ana. Aphunzitseni. Mwana wa sitandade 4 angathe kudziwa kuti galasi sakhudza ndi chala, kuti chingwe chimakhala m'khosi nthawi zonse, ndiponso kuti mitambo ikayamba kudera cha kunyanja katundu amalowa m'nyumba anthu asadayambe kuthawa. Ikani lamulo limodzi lomveka: wotulutsa ndiye wolowetsa, kaya ndi bambo, mayi kapena mwana. Mwana amene wazolowera kusamala galasi sadzavuta kusamala njinga, buku la kusukulu, ngakhale nyumba yake m'tsogolo. M'mera mpoyamba.

Ndipo inu a pabanja, ngozi ikachitika, mphindi zoyambirira ndi zopulumutsa katundu, osati zoimba mlandu. Pamene mukulozana zala, madzi akulowa m'kati. Wina achotse mabatire, wina afune nsalu youma. Zokambirana zidikire mawa mitima itatsika, komanso osati pamaso pa ana. Mwana amene wakalipiridwa koopsa chifukwa cha galasi lonyowa ulendo wina adzalibisa m'chikwama lili lonyowa chomwecho osanena, ndiye kuonongeka kwenikweniko.

Mvula isadayambe chaka chino, gulani ndowa imodzi ya pulasitiki ya malita 20 yokhala ndi chivindikiro chothina. Muikemo binoculars ndi timagalasi ta telesikopu titauma bwino, timapaketi ta silica gel, komanso setifiketi ya ukwati, ziphaso zaunzika, mabuku a kusikelo ndi masetifiketi a kusukulu. Ndowayo ikhale pamwamba, pamalo amene nonse awiri mukuwadziwa ngakhale mumdima, ndipo muziitsegula sabata iliyonse kukaomba dzuwa. Madzi saiwala khwawa. Akadzabwera usiku, mmodzi adzanyamule mwana, winayo ndowa.