Maina a M'mbali mwa Nyanja

Ambiri a ife tikamva za Mangochi, Monkey Bay kapena Nkhotakota, chimene chimayamba kubwera m'mutu ndi chambo, usipa ndi mpunga. Timatauni timeneti timatiyesa malo ongodutsapo, pamene basi imaima kuti anthu agule nsomba pazenera. Komatu mbiri yaikulu ya dziko lino inadzera kunyanja. Amalonda a ku Zanzibar, amishoni a ku Scotland ndi asilikali a Harry Johnston, onseŵa anayenda pamadzi, ndipo zimene anasiya zikadali m'mbali mwa nyanjamo, zina chiimire, zina zogumuka. Pa tchuthi chapitachi ndinaganiza zokaziona ndi maso anga ndisanakafike kwa agogo ku Nkhotakota.

Ndinayambira ku Mangochi, tauni imene kale inkatchedwa Fort Johnston. Pafupi ndi mlatho wa pa Shire pali nsanja ya wotchi, yomangidwa pokumbukira Mfumukazi Victoria amene anamwalira mu 1901 asanapondeko dziko lino. Pambali pake ndinapeza mzinga wa m'sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inawoloka nyanja kukawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda ku Sphinxhaven, kumene lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania. Woyendetsa sitima ya Ajeremaniyo anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba ku Ulaya. Pomwepo palinso chikumbutso cha Vipya, sitima imene inamira kumpoto kwa nyanja pa 30 Julayi 1946, ndipo anthu 145 anafera m'madzi. Amayi ogulitsa zitumbuwa anali atakhala mumthunzi wa nsanjayo, anyamata a kabaza akulimbirana anthu. Woŵerenga zolembedwazo ndinali ine ndekha.

Kuchoka apo ndinapita ku Cape Maclear. Kuseri kwa mudzi wa Chembe, m'tsinde mwa phiri, kuli manda ochepa a amishoni a Livingstonia. Iwo anafika mu Okutobala 1875 pa kasitima kotchedwa Ilala, motsogozedwa ndi E. D. Young, ndipo Robert Laws anali m'gulumo. Malungo anawakana malowo, kotero mu 1881 anasamukira ku Bandawe atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe. Pakati pa ogona pamenepo pali Dr William Black ndi Shadrach Ngunana, mlaliki wachikuda wochokera ku Lovedale ku South Africa, amene onse anamwalira mu 1877. Koma kuti kasitimako kafike panyanja, anthu mazanamazana anakasenza pamutu zidutswazidutswa, kulambalala mathithi a Shire m'dzuŵa la chilimwe. Mabuku amawaŵerenga anthu ameneŵa monga tiŵerengera matumba a chimanga.

Ku Monkey Bay ndinakwera Ilala ya masiku ano, imene inayamba kuyenda mu 1951 kuloŵa m'malo mwa Vipya, ndipo ndinakatsika ku Nkhotakota.

Ku Nkhotakota mwana aliyense atha kukulozerani mkuyu wa Livingstone, pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Livingstone anafika kuno mu 1861 ndi mu 1863, ndipo anthu amati pansi pa mtengowo ndi pamene anakambirana ndi Jumbe pamodzi ndi mafumu za malonda a akapolo. Malondawo sanathe ndi zokambiranazo. Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, anakhazikika pano m'zaka za m'ma 1840, ndipo kwa zaka pafupifupi 50 zombo zinkawolotsa anthu ndi minyanga kupita kutsidya, kumene ankayamba ulendo wapansi wa miyezi ingapo mpaka ku Kilwa. Ulamuliro wa ma Jumbe unatha mu 1895, wotsiriza atagwidwa ndi kutumizidwa ku Zanzibar. Chaka chomwecho Bishopu Chauncy Maples anamira m'nyanja, ndipo manda ake ali m'tchalitchi cha All Saints pomwepa. M'tauni yomweyinso ndi mmene chipani cha Malaŵi Congress chinachitira msonkhano wake waukulu mu 1960. Mukangoyenda pang'ono mwapunthwa pa mbiri.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma pano mlendo amene anangogona masiku oŵerengeka ndiye ali ndi mtengo wa dzina lake. Maganizo ameneŵa anandivuta mpaka madzulo, ndipo titatha kudya ndinawafunsa agogo, amayi awo a amayi anga.

"Agogo, kodi ife kwathu kwenikweni ndi kuti?"

"Iwe mwana, si kuno ukudya mpungaku?" anatero, nkumapitiriza kutongola mtedza.

Sindinafunsenso. Anadikira mpaka amalume ataloŵa m'nyumba, ndipo anayamba okha, mawu ali pansipansi. Anati agogo awo a amayi awo anabwera kuno ali kamtsikana kosatha msinkhu, kuchokera kumtunda, kupitirira Kasungu, atamangidwa pamodzi ndi anzawo. Anzawowo anawakweza m'chombo. Iwo anatsala chifukwa munthu wina wa kwa Jumbe anawaona nawatenga kukhala a m'nyumba mwake. Anabereka ana, analima mpunga m'dambo, anakalamba, anamwalira, ndipo mudzi wa kwawo sanautchulepo ngakhale kamodzi. Anthu ankangowaitana kuti Naphiri.

Naphiri! M'dziko muno a Naphiri alipo zikwizikwi. Ngakhale pasukulu pano tingadzaze nawo kalasi. Ife Acheŵa timaŵerenga mtundu kuchikazi, ndiye kuti mbumba yathu yonse, ine ndemwe, ikuyambira pa mayi ameneyu, ndipo kumbuyo kwake kulibe njira yotsata. Anzanga ena akamanyadira kuti makolo awo anachokera ku Kaphirintiwa kapena ku Mankhamba, mzere wanga umathera padoko.

Ndinawafunsa agogo ngati ndingalembe zimenezi. Anakhala chete kanthaŵi, kenaka anati, "Lemba, mwanawe, pakuti ndiyo ntchito imene tinakutumizira. Koma dzina langa ndi la mudzi uno usatchule. Pa mlandu wa munda kapena wa ufumu, mawu oti kapolo akadali ndi mano."

Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake miyala yathu ili ndi maina a mbali imodzi yokha. Azungu anali ndi choko ndi simenti, inde, komanso eni ake a maina enawo anali ndi chifukwa chowabisira, ndipo adzukulu awo akadali nacho. Munthu sangamange chipilala cha chinthu chimene mnansi wake angadzamtukwane nacho pabwalo la mfumu.

Sindikuti tigwetse nsanja ya ku Mangochi kapena tidule mkuyu. Zimenezo zikhale, ndipo zisamalidwe, pakuti ndi umboni. Koma theka lina la mbiri ya timatauni timeneti lili m'kamwa mwa amayi okalamba amene amayankhula pokhapokha amuna akaloŵa m'nyumba. Agogo anga zaka zawo zapitirira 80, ndipo m'mudzi monse a msinkhu wawo atsala atatu. Tchuthi chikubwerachi ndikubwereranso ndi kope, ndipo ndikayambira kwa amene akudwaladwala.