Pepala lomwe ndinawerenga ku Thazima

Anthu ambiri amene anamvapo za Thazima amangodziwa geti. Ukachoka pa boma la Rumphi n'kudutsa pa Bolero, fumbi litakulowa mpaka m'makutu, umafika pachipata cholowera ku Nyika. Alendo amatsika m'galimoto, kulipira, kulemba mayina m'buku, kujambulitsa pachikwangwani, kenako n'kupitiriza ulendo wa makilomita pafupifupi 60 wopita ku Chelinda kukaona mbidzi ndi ntchefu. Ife amene tinabadwira kuseri kwa chikwangwanicho timangowabayibitsa. Koma pamalopo pali midzi, minda ya fodya, matchalitchi, mikangano ya malire, komanso kagulu ka anyamata a kabaza komwe kamachititsa mpikisano wa njinga zamoto kamodzi pachaka. M'kagulu kameneka ndinalakwitsamo chinthu, ndipo chikundilondabe mpaka kuno ku Mzuzu komwe ndili pasukulu.

Musaganize za kalabu ya pa TV. Tilibe ofesi, tilibe sitampa, ndipo buku lathu la ndalama ndi kope la ana asukulu. Njinga zake ndi zomwezi mukuzidziwa, ma Lifo, ma King Lion ndi ma Boxer, zomwe Lolemba zimanyamula matumba a chimanga ndi odwala opita kuchipatala. Mpikisano umachitika chakumapeto kwa nyengo yozizira, alimi atagulitsa fodya ku okushoni ya ku Mzuzu, m'matumba muli kanthu ndipo minda ili poyera. Njira imayambira pabwalo la mpira, kutsetsereka kudambo, kuwoloka kamtsinje kouma, kukwera kachitunda n'kubwereranso pabwalo. M'paki sitilowamo, ndipo palibe amene anayesapo kupempha. Wopambana amalandira mbuzi, wachiwiri tayala, wachitatu tcheni. Chikho chilipo chimodzi, cha pulasitiki wonyezimira, ndipo chaka chikatha chimabwezedwa.

Ine njinga yamoto sindiitha. Anandilowetsa mukomiti chifukwa ndine "mwana wa ku koleji": ndili ndi laputopu, ndipo ndimatha kulemba kalata yopempha thandizo m'Chingelezi chosachititsa manyazi. Anandipatsa udindo wa mlembi, ndipo kunena zoona ndinaukonda. Zimakoma kubwera pa holide anthu n'kumakutchula "asekilitale".

Tsono pali malume anga, alongo awo a mayi, amene kwathu timati asibweni. Nawonso njinga yamoto sakwera. Ntchito yawo n'kukonza njinga zakapalasa pansi pa mtengo wa mango. Banja lawo ndi limodzi mwa omwe anasamutsidwa mu 1978 pomwe boma linakulitsa malire a Nyika, ndipo mwina n'chifukwa chake amadziwa kanjira kalikonse ka dera lathu ngati munthu amene anaphunzira malo kawiri. Ndi iwo amene anauza anyamata, mpikisano usanayambe n'komwe, kuti pali kona imodzi yoopsa. Ili pamene njira imatsika kudambo n'kudutsana ndi kanjira ka ng'ombe zopita kukamwa madzi, komwenso amayi amadzera popita kudimba. Wokwera njinga saona zomwe zili kuseri kwa tchire mpaka atafika pomwepo.

Palibe anawatuma, koma kona imeneyo inasanduka yawo. Sabata yonse tsiku lisanafike amapita ndi khasu kukakwirira maenje ndi kuzula ziputu. Madzulo amayenda khomo ndi khomo kupempha anthu kuti Loweruka amangirire mbuzi, ndipo amagwirizana ndi abusa a ng'ombe za nthawi yodutsa. Tsiku lenilenilo amafika dzuwa lisanatuluke, chisanu cha ku Nyika chikuluma zala, atanyamula nsungwi yomangirira kansalu kofiira. Amaima pomwepo mpaka njinga yomaliza itadutsa. Mpikisanowo sanauonepo uli wonse. Zomwe amaona ndi fumbi ndi misana ya okwera.

Chaka chomwe ndikunenachi tinali ndi mlendo wolemekezeka, mkulu wina wabizinesi amene anatipatsa malita 20 a petulo. Inali nthawi yomwe kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mafuta akwera mtengo komanso akusowa, ndiye malita 20 sanali masewera. Tinamukonzera mpando wa khushoni, tinabwereka tenti ya kutchalitchi. Pa nthawi yopereka mphoto, tcheyamani anandipatsa maikolofoni kuti ndiwerenge mawu othokoza omwe ndinalemba usiku wathunthu. Ndinathokoza mlendo wolemekezeka katatu. Ndinathokoza mafumu, apolisi awiri omwe anabwera, mwini zimkuzamawu, komiti yonse dzina ndi dzina. Ndinathiramo timawu ta Chingelezi kuti mlendo adziwe kuti kumudzi kuno kulinso ophunzira. Anthu anaomba m'manja.

Ndikutsika pabenchi yomwe ndinakwerapo, ndinawaona asibweni ataima kumbuyo kwa gulu, tsitsi ndi nsidze zili mbuu ndi fumbi, nsungwi yawo ili m'khwapa. Nawonso ankaomba m'manja. Pamenepo sindinazindikire chilichonse. Ndinawamwetulira ngati mmene ndinamwetulira wina aliyense.

Madzulo tikuotha moto kwa mayi, anafika kudzatenga mpope womwe anatibwereka. Anakhala pang'ono, kenako anati, "Muphwa, wawerenga bwino lero. Chizungu chako chakhwima."

"Yewo, asibweni," ndinayankha, mtima uli m'mwamba.

"Koma kodi pepala linakuthera?"

Anafunsa mosakwiya, ngati mmene munthu amafunsira ngati mchere watha. Mayi anaweramira pamoto n'kuyamba kusonkhezera nkhuni zomwe zinali zikuyaka kale. Apa m'pomwe ndinayamba kuwerenga m'mutu anthu omwe sanali papepala langa: asibweni, amayi asanu ndi mmodzi omwe anatunga madzi ndi kuphika kuyambira m'mawa, wazaumoyo wa m'mudzi amene anapereka Loweruka lake n'kubwera ndi kabokosi ka mabandeji, anyamata omwe anagwira chingwe kuti ana asalowe m'njira. Sindinawaiwale mwangozi ayi. Polemba ndinkaganiza za anthu amene ndinkaopa kuwakhumudwitsa, ndipo awa ndinkadziwa kuti ngakhale akhumudwe abweranso.

Nditabwerera kusukulu ndinayamba kufufuza mmene anzathu amachitira kumene masewerawa ndi aakulu, mwina pofuna kudzitonthoza kuti vutoli ndi la kulikonse. Ku Isle of Man, kachilumba ka pakati pa Britain ndi Ireland, kuli mpikisano wa njinga zamoto wotchedwa TT womwe unayamba mu 1907. Njira yake ndi ya makilomita pafupifupi 60, mtunda wofanana ndi wochoka pa geti lathu kukafika ku Chelinda, ndipo ndi misewu yomwe masiku ena onse anthu amayendamo. Anthu oposa 500 amafunika kuima m'mbali mwa njirayo ndi mbendera, ndipo ndi odzipereka, salipidwa. Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti akapanda kukwana, njinga sizinyamuka. Okwera otchuka, makampani ndi makamera onse amadikira mpaka kona iliyonse itapeza munthu wake. Ku Kenya, Safari Rally yomwe inayamba mu 1953 n'kubwereranso pa mipikisano ya dziko lonse mu 2021, imadaliranso anthu oima m'njira otere. Kumeneko ntchito ya asibweni ili ndi dzina, maphunziro ndi chovala chake. Kwathu timangoti "adada aja a pakona".

Kuno kwathu chitsanzo chomwe chimandisangalatsa ndi mpikisano wothamanga wa m'phiri la Mulanje, womwe unayambira pa anyamata onyamulira alendo katundu. Anthu amene chaka chonse amayenda kumbuyo kwa mlendo, chikwama cha wina chili pamsana, tsiku limenelo ndi iwo amene amaitanidwa mayina.

Mnzanga wa m'chipinda, amene amaphunzira za chuma, anandiseka nditamufotokozera. Iye akuti kuthokoza ndi njira yotchipa yomwe anthu okhala ndi ndalama amagwiritsa ntchito kuti asalipire. Akuti malume anga safuna dzina pa maikolofoni, akufuna ya sopo. Sindingamutsutse kotheratu. Tonse tikudziwa alezi a m'sukulu za mkombaphala m'midzimu amene agwira ntchito zaka ndi zaka ambiri a iwo osalandira kanthu, kwinaku galimoto zoyera zikubwera kudzawajambula. Pa 5 December chaka chilichonse, tsiku lomwe bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 1985 lokumbukira anthu odzipereka, amalandira tisheti ndi botolo la Fanta. Pamalo pomwe ndalama zilipo, kuombera munthu m'manja m'malo momulipira ndi kuba ndithu.

Koma kagulu kathu si bungwe la galimoto zoyera. Ndalama zonse zomwe timatolera zikagula mbuzi ndi tayala, zotsala sizikwana ngakhale thumba la feteleza. Tikanati tigawane, aliyense akanapita kunyumba ndi ya paketi ya machesi. Asibweni amalidziwa kope lija kuposa ine. Chomwe tinali nacho chokwanira aliyense tsiku limenelo chinali mayina, ndipo ine ndinachipereka chonse kwa munthu amene anafika dzuwa lili paliwombo n'kuchoka mbuzi isanaperekedwe.

Ndipo ife ophunzira tisadzinamize. Tikamva za ntchito yodzipereka, funso loyamba ndi lakuti kuli alawansi kapena ayi, lachiwiri ndi lakuti apereka satifiketi. Inenso udindo wa mlembi uja uli pa CV yanga, m'mawu okoma kwambiri kuposa ntchito yomwe ndinagwira. Tsiku lina udzandithandiza kupeza ntchito. Zaka zonse zomwe asibweni anaima m'fumbi sizili papepala lililonse, ndipo pepala lokhalo lomwe zikanalembedwapo linali m'manja mwanga.

Chaka chotsatira sanabwere. Sanakane, sanadandaule kwa aliyense. Tcheyamani atawatumira uthenga anangoti kudimba kwachuluka ntchito. Tinaika anyamata awiri pakona paja n'kuwapatsa nsungwi ina. Palibe anakumbukira zolankhula ndi abusa a ng'ombe, chifukwa palibe mukomiti ankadziwa kuti ntchito imeneyo inkachitika. Ulendo womaliza utayandikira, anyamata aja anathamangira kubwalo kukajambula wopambana pafoni. Ng'ombe zitatu zinalowa m'njira. Mnyamata amene anali pa nambala 4 anagwira mabuleki pamchenga, njinga inamuponya, ndipo anathyoka fupa la paphewa. Tinamutengera kuchipatala cha pafupi, kenako ku Rumphi. Anakhala miyezi itatu osagwira ntchito, chonsecho njingayo inali ya bwana amene amafuna ndalama yake sabata iliyonse. Mkazi wake anayamba kugulitsa zitumbuwa pa geti.

Sindikunena kuti pepala langa ndi limene linathyola phewa la munthu. Anyamata aja anali ndi mitu yawo, komiti inali ndi anthu asanu ndi awiri. Koma ndikamutchula mnyamatayo m'pemphero, pepala lija limabwera lokha.

Pa holide yapitayi ndinagula shuga ndi buledi n'kupita pansi pa mango paja. Ndinawapeza akuwongola sipoko. Ndinakhala pa chitsa n'kunena kuti ndabwera kudzapepesa. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera, maso ali pa gudumu.

"Iwe ndiwe mwana wa mlongo wanga, sindingakusungire mlandu," anatero. "Koma ngati mukufuna ndibwerere, pali zinthu zitatu."

Choyamba, wezulo, chifukwa nsalu yofiira simveka m'fumbi. Chachiwiri, mnyamata mmodzi wokhazikika woti aime nawo n'kuphunzira, popeza mawondo ayamba kuwavuta ndipo sakudziwa kuti atsala ndi zaka zingati. Chachitatu n'chomwe sindinkayembekezera. Anati mayina awerengedwe m'mawa, njinga zisananyamuke, anthu adakali chete. Pamapeto aliyense amakhala akuthamangira mbuzi ndi nsima. Ndipo ayambe ndi amayi a kumadzi, chifukwa iwo amadzuka asibweni asanadzuke.

Ndinapita nazo kukomiti. Za wezulo ndi mnyamata zinadutsa msanga. Zachitatuzo zinavuta. Tcheyamani akuti mlendo wolemekezeka sangakhale pampando n'kumamvera mayina a otunga madzi iye asanatchulidwe, ndipo tikamukhumudwitsa petulo wa chaka chamawa tikamupeza kuti? Msungichuma akugwirizana naye. Okwera njinga, makamaka uja wa phewa, ali mbali ya asibweni. Tinabalalika osamvana, ndipo nkhaniyi ikupitirira pa gulu lathu la WhatsApp, pomwe mauthenga a mawu akufika mphindi zisanu umodzi.

Ine pakadali pano ndikulemba mndandanda m'foni. Ndafika pa mayina 23. Dzulo ndinaima pa mayi wina amene amaphika mpunga chaka chilichonse, amene wandidziwa kuyambira ndili pamsana. Ndinapeza kuti moyo wanga wonse ndakhala ndikuwaitana ndi dzina la mwana wawo woyamba, ndipo lawo lenileni sindilidziwa. Ndinaimbira mayi kuti andiuze. Anaseka kaye nthawi yaitali, kenako anati ndidikire akafunse kwa apongozi awo a mayiyo, chifukwa nawonso sakulikumbuka.