Tsiku Limene Ndinawakanira Amalume

Akulu athu amati, "Cibale ndi pfupa, siciola." Mau amenewa ndinawamva ndili mwana, ndipo ndiwakhulupirira kufikira lero. Koma tsiku lina ndinayenera kusankha pakati pa mbale wanga ndi mudzi wonse. Ndifuna kukuuzani nkhani imeneyi, inu anzanga amene mwayamba kuwerenga ndi kulemba, pakuti mayeso otere adzafika kwa inunso.

Munali m'caka ca 2002, caka ca njala. Anthu sanakolole bwino mu 2001 cifukwa mvula inaononga minda, ndiponso cimanga cimene boma linasunga m'nkhokwe zace cinali citagulitsidwa. M'mwezi wa Febuluwale, Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka. Kwathu ku Dedza tinadya gaga ndi zitsa za nthoci, ndipo okalamba anati sanaone zotere ciyambire njala ya 1949.

Patapita miyezi, tinamva kuti thandizo la cimanga likudza. Amfumu anasonkhanitsa mudzi, nandisankha kuti ndilembe maina a olandira, popeza ndinali wodziwa kulemba. Lamulo linali lakuti tiyambe ndi amasiye, okalamba ndi odwala, banja limodzi dzina limodzi. Matumba anali owerengeka; dzina limodzi likalowa, lina liyenera kutsala.

Usiku womwewo amalume anafika pakhomo panga. Kwa ife Acewa malume ndiye mwini mbumba. Awa ndiwo anagulitsa mbuzi zao kuti ine ndipite kusukulu atate atamwalira, ndiwonso anali ankhoswe paukwati wanga. Atakhala pansi anati, "Mphwanga, dzanja lako linaphunzira kulemba cifukwa ca mbuzi zanga. Pakhomo panga pali anthu asanu ndi atatu, ndipo thumba limodzi silitha mwezi. Ulembe dzina langa, ulembenso dzina la agogo ako." Tsono agogowo anali atamwalira zaka ziwiri zapitazo.

Musaganize kuti amalume anali munthu woipa. Njala yao inali yoona. Mdzukulu wao wamng'ono anali atayamba kutupa mapazi. Ndinawayankha kuti, "Amalume, ndamva. Mundilole ndigone nao mauwa."

Koma tulo sitinadze. Ndinayang'ana mndandanda uja pa kuwala kwa nyali, ndipo kumapeto kwace kunali dzina la mai wina wokalamba wa kutsidya kwa mtsinje, amene analera ana amasiye anai. Iyeyu analibe malume, analibenso mphwace wodziwa kulemba. Ndikadalemba dzina la wakufa, lace ndilo likadatsala. Pamenepo ndinazindikira cinthu cimodzi: mangawa anga kwa amalume anali oona, koma cimanga cija sicinali canga. Munthu sabweza mangawa ace ndi nkhuku ya mnzace.

M'mawa ndinapita kwao, ndinagwada, ndi kunena kuti, "Amalume, dzina lanu ndalemba, pakuti muyenera kulandira. Koma dzina la agogo sindingathe kulemba." Iwo anayang'ana kumbali osanena kanthu. Amai anamva, nalira, nati ndawacititsa manyazi pamaso pa mlongo wao. Misozi yao inandipweteka koposa njala.

Ndinali ndi njinga imodzi, imene ndinali kunyamulira nkhuni kukagulitsa. Ndinaigulitsa pamtengo wolira, pakuti caka cimeneco katundu anatsika mtengo ndipo cimanga cinakwera. Cimanga cimene ndinagula ndinakatula kwa amalume. Sicinali cambiri, sicinakwane thumba. Anacilandira cifukwa ca ana, koma caka conse sanandipatse moni. Ine ndinasenza nkhuni pamutu zaka ziwiri ndisanapeze njinga yina.

Sindinena kuti zonse zinatha bwino. Mdzukulu uja anacira, koma amalume anamwalira patapita zaka zingapo, ndipo ngakhale tinayambanso kulankhulana, sanachulepo nkhani ija. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati anandikhululukira. Komabe ndikaona ana anai aja, amene tsopano ndi akuluakulu a maanja ao, mtima wanga sunditsutsa.

Anzanga, lero mudziwa kugwira pensulo. Mawa mudzi udzakupatsani buku la maina, kapena ndalama za mpingo, kapena makiyi a sitolo, ndipo woyamba kugogoda pakhomo panu adzakhala mbale wanu. Musamtaye, pakuti cibale siciola. Mpatseni cakudya ca m'nkhokwe yanu, nchito ya manja anu, ngakhale njinga yanu. Koma cimene anthu anakusungitsani ncao. Mucibweze kwa eni ace cathunthu.