Pa tebulo chimayaka, m'bokosi chimafa

Nkhani ya lero aphunzitsi anzanga ena aiona ngati yaing'ono, koma ndi imene yandithawitsira ana ambiri mu kalabu ya sayansi kuno ku Mbombwe. Mwana amatha masabata awiri akuwotcherera tizipangizo pa kabolodi, chinthu n'kuyaka bwinobwino pa tebulo, anzake n'kumuombera m'manja. Kenaka akuti achiike m'bokosi lachitsulo kuti chisalowe fumbi. Akangomanga mabawuti, chinthu chija zii. Pena mumangomva kafungo ka kupsa. Mwana wotere sabte safuna kubweranso, ndipo kholo limene linagulitsa nkhuku kuti agule transista ku Limbe silidzagulitsanso ina.

Chimene chimachitika si ufiti. Kunsi kwa bolodi kuli timinga ta mtovu ndi miyendo ya zipangizo. Zonsezi zikakhudza chitsulo nthawi imodzi, magetsi amapeza njira yachidule, shoti yachitika. Funsani mwana wa Fomu 3 ngati chitsulo chimadutsa magetsi, ayankha asanaimirire n'komwe. Mutu umadziwa, manja ndiwo sadziwa. Bolodi iyenera kukhala m'mwamba, mamilimita 6 kapena kuposa, itakhazikika pa timizati. Timizati tabwino tili m'mabokosi a makompyuta akufa, tija tachikasu timene timanyamula motherboard. Chenjezo ndi lakuti tambiri mano ake ndi a muyeso wa ku America wa 6-32, salowana ndi bawuti ya M3, choncho potola mutolerenso mabawuti ake. Tikasowa, timadula cholembera cha Bic chotha inki m'tizidutswa tinayi tofanana, bawuti n'kudutsa m'kati. Sichioneka chapamwamba, koma chimagwira.

Pamene mtima umapsera kwenikweni ndi pa mabowo. Mabowo atatu amalowa, lachinayi laphonya ndi milimita imodzi, ndiye mwana amakakamiza mpaka bolodi kupindika, njira za kopa n'kuduka pamalo pamene diso silingaone. Ine ndimaletsa kuyeza ndi rula. Ikani bolodi pa pepala, chongani mabowo ake ndi pensulo yosongoka, matani pepalalo pa bokosi, ndiye pa kadontho kalikonse khomani msomali kamodzi kokha kuti pakhale kadzenje. Popanda kadzenjeko chiboolero chimaterereka n'kukaboola kumene chafuna. Bawuti ya M3 imakwana pa bowo la mamilimita 3.2, koma ife timaboola 3.5 kuti pakhale mpata wosunthira. Ndipo musamange bawuti imodzi mpaka kulimba zinzake zisanalowe. Zonse zinayi ziyambe zagwira pang'ono. Amakanika a njinga pa msika amachita zomwezi pomanga masipoko, palibe anawaphunzitsa m'kalasi.

Chinanso: yambani ndi mabowo a switchi, fyuzi ndi polowera mawaya, chifukwa amenewa ndiwo amalamula pamene bolodi ikhale. Poboola, bolodi ikhale kutali ndithu, mwina m'thumba la shati. Kanyenyeswa kamodzi kachitsulo kakagwera pakati pa miyendo ya IC, mudzafufuza vuto mpaka dzuwa kulowa. Mukamaliza palani m'mphepete ndi tupa, mudutsitse maginito a sipika yakale m'bokosimo. Ngati bokosi ndi la aluminiyamu maginito sagwira, pukutani ndi kansalu.

Pali msampha wina umene umakola ngakhale akuluakulu. Zipangizo zimene zimatentha timakonda kuzimangirira ku bokosi lenilenilo kuti lizimwa kutenthako, ndipo ndi nzeru yabwino. Koma khutu lachitsulo la regulator ya 7805 ndi lolumikizidwa ku ground, pamene la LM317, imene imaoneka ngati mapasa ake, ndi lolumikizidwa kotulukira magetsi. Chikopa cha transista ya 2N3055 nacho ndi collector. Ziwiri zomalizazi zimafuna kapepala ka mica pakati, ndi kawashala kapulasitiki pa bawuti. Lamulo la kalabu yathu n'lakuti palibe amalumikiza batire asanayeze ndi mita pakati pa bokosi ndi waya wofiira. Mita ikalira, tsegulani.

Timanyadira William Kamkwamba wa ku Masitala, Kasungu, amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi mu 2002 ali ndi zaka 14, ndipo buku lake linatuluka mu 2009. Chaka chomwecho cha 2009 tinamva za Gabriel Kondesi kwa anansi athu ku Mulanje, amene anamangidwa chifukwa choulutsa mawu pa wailesi yake ya Pachikweza popanda chilolezo. Ana anga amawadziwa onse awiri ndipo amafuna kukhala ngati iwo. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti nkhani zotere timazikamba ngati za nzeru za m'mutu zokha. Sitinena za nyundo, tupa ndi msomali. Wokhoma zidebe wa pa msika angaphunzitse mwana kupinda lata mwaukhondo m'mphindi 20, zimene ine ndi dipuloma yanga ndingafotokoze pa bolodi la choko teremu yonse. Ndimawatumiza kumeneko, ndipo ndilibe nazo manyazi.

Zonse ndanenazi ndi za 12V ya batire kapena sola. Magetsi a ESCOM ndi 230V, ndipo m'bokosi lachitsulo amapha. Mwana asawakhudze popanda wamkulu wodziwa, bokosi limangiriridwe ku waya wa earth ndi bawuti yakeyake, ndipo waya aliyense wodutsa pa bowo avekedwe mphira, ngakhale wa chubu cha njinga, kuti lata lisamudule pang'onopang'ono. Mabowo a mpweya akhale m'mbali chakumunsi, ang'onoang'ono. Kuno chiperoni chikabwera mu June ndi July chinyontho chimalowa paliponse, ndipo mphemvu zimakonda malo ofunda.

Inu a ku Blantyre amene muli ndi makompyuta akufa m'maofesi, musanawataye masulani timizati tija ndi mabawuti ake, muike mu envelopu. Sukulu iliyonse imene ili ndi kalabu ya sayansi idzalandira ndi manja awiri. Ifeyo tikufuna tokwana 40 teremu ikubwerayi.