Batire Likasamukira ku Buti

Ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto, ndipo ndimaigwirira ku Biwi, mu Lilongwe. Pa ntchito zonse zomwe anthu amabwera nazo, pali imodzi yomwe sindilola mnyamata wophunzira kuigwira yekha: kusamutsa batire kuchoka ku injini kupita ku buti.

Zifukwa za eni galimoto n'zomveka. Ena atopa ndi akuba okanula boneti usiku. Ena awonjezera zida ku injini ndiye malo achepa. Nakonso kutentha kwa injini kumafupikitsa moyo wa batire, makamaka dzuwa likaswa mtengo mu Okutobala. Opanga galimoto amazidziwa izi. BMW zambiri zimachoka ku fakitale batire lili kumbuyo kale, monga zinalili Mazda MX-5 zoyambirira, kulemera kutagawika bwino.

Tsiku lina kunabwera mnyamata ndi Corolla yake. "Amisiri, batire ndi latsopano, koma m'mawa sitata ikungoti kete kete, injini osatembenuka." Nditatsegula buti ndinagwira pakamwa. Batire analimanga ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo waya wofiira unali woonda kuposa pensulo. Ndinautsata pansi pa kapeti mpaka pomwe unadutsa pabowo la chitsulo popanda labala. Khungu lake linali litadyeka, mkuwa ukusuzumira. Fyuzi panalibe.

"Achimwene," ndinatero, "mwakhala mukuyenda ndi moto pansi pa mpando."

Pa injini yaing'ono ya petulo, sitata imakoka ma ampu pakati pa 100 ndi 200. Batire likakhala kutsogolo, waya wake sutalika kwenikweni, koma likapita kumbuyo umafika mamita 4 kapena 5. Waya ukatalika mphamvu imatayikira m'njira, choncho uyenera kunenepa. Ine ndimagula wa owotcherera zitsulo, wa 35 mm² kapena 50 mm², wa mkuwa weniweni, wofewa popinda. Ndimaudutsa kutali ndi ekizozi ndi mapaipi a petulo, ndipo pabowo lililonse ndimauveka labala.

Fyuzi yaikulu, ya ma ampu 200 kapena kuposerapo, ndimaiika pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 30. Ukaiika kutsogolo, waya wonse wodutsa m'galimoto umakhala wopanda mlonda. Ukangokhudza chitsulo umafiira ngati khala, kapeti n'kugwira moto dalaivala asanaime n'komwe.

Waya wakuda ndimaufupikitsa n'kuumanga pa chitsulo cholimba cha galimoto. Ndimayamba ndapala penti mpaka chitsulo chitawala, kenako bawuti, pamwamba kagirisi koletsa dzimbiri. Sindiiwalanso kuona waya wolumikiza injini ku chitsulocho, chifukwa magetsi amabwerera kudzera mmenemo.

Batire lenilenilo limalowa m'bokosi lomangidwa ndi mabawuti pansi pa buti. Ndisanaboole ndimagona kaye chagada kunsi kwa galimoto kuona pomwe pali tanki. Chinthu cholemera makilogalamu pafupifupi 15 chikamasuka pa maenje a misewu yathu chimataya asidi, ndipo pa ngozi chimauluka ngati mwala. Batire likamatchajidwa limatulutsanso mpweya wa haidrojeni, womwe suchedwa kuyaka, ndiye ndimaika kapaipi kotulutsira mpweyawo kunja.

Corolla ija inanditengera tsiku lathunthu. Mwini wake anadandaula pang'ono za mtengo wa waya, koma nditamugwiritsa wakale uja n'kumuonetsa podyekapo, anangoti zii. Pampando wakumbuyo panali kachikwama ka mwana wa sukulu, ndipo waya uja unkadutsa pansi pomwepo.

Madzulo ndinalumikiza waya wakuda pomalizira, monga mwa lamulo la ntchito yathu, n'kupotokola kiyi. Injini inalira nthawi yomweyo. Ndinaizimitsa n'kuilizanso katatu, kenako ndinayendetsa chikhatho pa waya wofiira kuyambira ku buti mpaka kutsogolo. Unali wozizira. Apo m'pomwe ndinamupatsa makiyi.