Nyumba Yoyeseramo Zamoyo ya Anthu Wamba

M'chaka cha 2010 anthu ena a ku Brooklyn, mu mzinda wa New York, anatsegula nyumba yotchedwa Genspace. M'menemo munthu wamba, ngakhale wosafika ku sukulu zazikulu, apereka kangachepe pa mwezi, nalowa kukaphunzira ndi kuyesa tizamoyo tosaoneka ndi maso, pogwiritsa zipangizo za onse pamodzi. Lamulo lao n'lakuti tizilombo toyambitsa matenda asatigwire konse.

Tsono ife a ku Dowa ndi ku Ntchisi tingati izi n'za Azungu. Koma taonani, amai pofulula thobwa ndi chimera, ndi abambo pomanga manyowa a Mbeya m'thumba masiku 21, onsewo agwira ntchito ndi tizamoyo tomweto, angakhale sanatione. Chimene tisowa ndicho kuyesa mwadongosolo ndi kulemba zimene taona.

Pa ichi Mpingo sutichititsa manyazi. Gregor Mendel, wansembe wa chipani cha Augustino Woyera ku Brno, anabzala nsawawa m'dimba la amonke zaka zambiri, nawerenga mbeu zake imodziimodzi, ndipo m'chaka cha 1866 anasindikiza malamulo a m'mene ana atengera maonekedwe a makolo. Chuma chake chinali dimba, kabuku ndi kupirira. Masiku ano kuli galasi lokuzira tinthu lopinda ndi pepala, lotchedwa Foldscope, limene Manu Prakash ndi anzake a ku Stanford analionetsa m'chaka cha 2014, ndipo zopangira zake sizinakwane dola imodzi.

Nkhani imene itikhudza kwambiri ndi ya soya, amene ambiri a ife tigulitsa ku Mponela kuti tipeze fizi ya ana. Alangizi atiuza kusakaniza mbeu ndi inokulanti, ufa wakuda uja umene akatswiri a ku Chitedze akhala akuuyesa zaka zambiri. Ufawo si feteleza ai, koma muli tizamoyo timene tilowa m'mizu, timanga timibulu, ndi kutenga chakudya cha mbeu mumpweya, chomwe chija tigula ndi ndalama zambiri m'thumba la Urea. Popeza n'tamoyo, tikhoza kufa. Paketi ikakhala padzuwa pa msika, kapena ikapitirira nthawi yake, mlimi agula fumbi chabe, nadzazindikira pokolola, chaka chitatha. Wina adzati alangizi anama, wina adzati munda walodzedwa, ndipo abale adana popanda chifukwa.

Chifukwa chake tipempha mphakati uliwonse upatule kamunda pafupi ndi tchalitchi, kakhale nyumba yathu yoyeseramo. Tibzale mizere isanu ya mbeu yosakaniza ndi isanu yosasakaniza, tsiku limodzi, nthaka imodzi, kupalira kofanana. Posakaniza tikhale pamthunzi, ndi kubzala tsiku lomwelo. Mwana wa sukulu asunge kabuku. Agogo osadziwa kulemba asatsale, pakuti maso ao aona msanga tsamba likayamba chikasu. Mlangizi timuitane adzaone nafe, osati kudzatiuza kokha.

Soya akayamba maluwa, tikumbe bwino ndi khasu mbeu zitatu mbali iyi, zitatu mbali inayo, titsuke mizu, tiwerenge timibulu, ndi kudula tingapo ndi lezala. Tikakhala tofiirira m'kati, tizamoyo tili pa ntchito. Tikakhala toyera kapena tobiriwira, palibe chimene tikupatsa mbeu. Pokolola, mbali iliyonse tiipime payokha ndi chidebe chimodzimodzi, onse akuona.